Mwana akamabanikabanika, funsaniko amake

Malungo akabwera, mwana amamwa LA masiku atatu, nkhani n'kutha. Mphumu siitero. Pali inhela ya salbutamol, yabuluu ija, yopopera mwana akabanika. Ndiye pali ina, monga ya beclomethasone, yoyenera kupopera m'mawa ndi madzulo ngakhale mwana akusewera mpira bwinobwino, chifukwa ntchito yake ndi kuletsa njira za mpweya kutupa. Yachiwiriyi ndi imene imavuta. Mwana sakutsokomola, pachifuwa sipakulira, ndiye chokumbutsa munthu palibe. Chonse chimadalira mutu wa mayi.

Nanga mutuwo ukadwala? Mayi amene ali ndi matenda a kukhumudwa tulo sitibwera, nsima siikoma, kudzuka pamphasa kokhako ndi ntchito yaikulu. Tsiku lokatenga mankhwala limamudutsa. Mwana akayamba kutsokomola usiku, kapena kupuma mokoka nthiti, iye amazindikira mochedwa. Si ulesi, ndipo si kusakonda mwana. Ndi matenda.

Ku Baltimore, m'dziko la America, ofufuza a ku Johns Hopkins anatsatira amayi a m'madera osauka a mzindawo omwe ana awo ali ndi mphumu. Ambirife tikanati kudwaladwala kwa mwana ndiko kumakhumudwitsa mayi. Iwo anapeza zina: mayi akakhala wokhumudwa kwambiri, mphumu ya mwana inkakula m'miyezi yotsatira, pomwe kukula kwa mphumu sikunkasonyeza kuti mayi adzakhumudwa patsogolo. Kafukufuku wina wa mumzinda womwewo, wa mu 2001, anaonetsa kuti amayi otere ndi amene amathamangira kwambiri ndi ana ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi.

Wina anena kuti izo n'za ku America. Koma ku Thyolo, ofufuza atacheza ndi amayi obwera ndi makanda kusikelo, anapeza kuti pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse anali ndi matenda a kukhumudwa, ena pang'ono, ena kwambiri. Kumbali ya mphumu, onjezanipo utsi wa nkhuni ndi makala, fumbi la mu Okutobala, ndi inhela yosowa m'mashelefu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mayi wotere akafika kuchipatala kachitatu mwezi umodzi, mwana ali wefuwefu kumsana, amalandiridwa ndi ukali: "Mayi inu, mankhwala aja mumamupatsa koma?" Iye amangoyang'ana pansi. Mwana amapoperedwa, amapeza bwino, amabwerera kunyumba komwe kuja, kwa mayi yemwe uja amene palibe wamufunsa kuti mtima wake uli bwanji.

Chithandizo chake sichilira nyumba zosanja. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo kumvetsera ndi kulangiza anthu ovutika maganizo atakhala pa benchi panja pa chipatala, ndipo ntchito ya Friendship Bench imeneyi inafika ndi kuno ku Malawi.

Adokotala ndi anamwino, mukamaliza kumvetsera chifuwa cha mwana, funsani amake ngati akugona tulo. Ndipo inu abambo, azakhali ndi agogo, phunzirani kapopedwe ka inhela, kuti tsiku limene mayi walephera kudzuka mwana asaphonye mankhwala.