Mapu Asakhale a Mabwana Okha

Mu 2011 boma linapatsa kampani ya ku Britain, Surestream Petroleum, chilolezo chofufuza mafuta pansi pa Nyanja ya Malawi. Mizere inajambulidwa pa mapu ku Lilongwe, nyanja nkugawidwa ngati nyama ya pamaliro. Kodi msodzi wa usipa ku Nkhata Bay anaonetsedwa mizereyo anthu asanasaine? Kodi anamufunsa ndani?

Amalawi anzanga, pa 14 June 1993 tinavotera nyali. Nyaliyo sinali younikira bokosi la mavoti lokha ayi. Inu amene munabwerako ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku Harare mukukumbukira kuti nthawi ya chipani chimodzi kufunsa kunali mlandu. Lero kufunsa nkololedwa, koma yankho limabwera thirakitala itafika kale m'munda.

Chowiringula palibe. Pa Google Earth munthu amatha kuona denga la nyumba yake. Global Forest Watch imasonyeza pomwe mitengo yatha chaka ndi chaka. Yang'anani Dzalanyama, gwero la madzi omwe Lilongwe amamwa, muone zigamba zokhazokha. Ngakhale boma lenilenilo linaika pa intaneti mapu a zilolezo za migodi. Zabwino! Koma mapuwo ali m'Chingerezi, amafuna foni yapamwamba ndi bandulo, ndipo amangolankhula okha, samva. Agogo a ku Karonga, kwawo kwa mgodi wa Kayelekera, angalembepo pati kuti apa pali manda, apa pali chitsime, apa ndi dimba langa?

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kafukufuku ntchito yaikulu isanayambe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Nanga "kufunsa anthu" kwake nkotani? Msonkhano wa ku hotela, mfumu kulandira kaenvelopu, fanta ndi mpunga wa nkhuku, basi mudzi wonse wavomera. Chipongwe chenicheni!

Tikufuna mapu a chilolezo chilichonse asindikizidwe papepala lalikulu, akhomedwe kwa DC, kusukulu ndi pabwalo la mfumu, afotokozedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'Chinkhonde. Achinyamata a m'mudzimo atenge mafoni, ayende ndi akuluakulu, alembe manda, zitsime ndi madooko pa mapu omwewo a pa intaneti, aliyense aone. Nduna isasaine kanthu isanayankhe poyera malo alionse omwe anthu alembapo.