Diski ili ngati wodwala: isamadziwike ndi nambala ya bedi

Mwezi uno tipumuleko pa nkhani za shuga ndi kuthamanga kwa magazi, tikambe za makompyuta athu akale.

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, ndipo makompyuta ambiri akale sangathe kulandira Windows 11. N'chifukwa chake ena mwa ife tikuikamo Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe ndi zaulere, kuti kompyutayo ipitirize kugwira ntchito pakhomo kapena itumizidwe kumudzi. Koma m'makompyutamu muli chuma: zithunzi za ukwati, makope a satifiketi, mapepala a viza. Nthawi zambiri zimenezi zimakhala pa diski yachiwiri, kapena pa chigawo china cha diski yomweyo.

Mu Linux mulibe zija za C: ndi D:. Chigawo chilichonse chimalumikizidwa ku foda, ndipo mukatsegula fodayo mumapeza katundu wanu. Kompyuta ikamayaka imawerenga fayilo yotchedwa /etc/fstab kuti idziwe chigawo chiti chipite pati. Mzere umodzi umaimira chigawo chimodzi, motere:

UUID=nambala-yanu /mnt/zithunzi ext4 defaults,nofail 0 2

Mzerewu uli ndi mbali 6. Yoyamba ikutchula chigawocho, yachiwiri foda yomwe chikalumikizidweko, yachitatu mtundu wa kasungidwe ka mafayilo, yachinayi malangizo. Yachisanu isiyeni pa 0. Yomaliza ikunena za kuyeza chigawocho poyaka: 1 ndi wa chigawo chomwe muli Linux mwiniwake, 2 ndi wa zinazo, 0 ndiye kuti chisayezedwe.

Tsono apa mundimvetse. M'chipatala sitipereka mankhwala potengera nambala ya bedi, chifukwa odwala amasamutsidwa usiku. Timayang'ana kachibangili ka pamkono, timafunsa dzina ndi tsiku lobadwa. Diski nayonso ili choncho. Mayina ngati /dev/sdb1 ndi nambala ya bedi chabe: kompyuta imawapereka malinga ndi diski yomwe yayamba kuipeza. Mukasomeka fulashi musanayatse, dzina lija likhoza kupita kwa wina. Koma UUID ndiye kachibangili kaja, simasintha pokhapokha chigawocho chitafufutidwa n'kukonzedwanso. Kuti muione, tsegulani Terminal ndipo lembani lsblk -f. Ikopereni, musailembe pamtima, chifukwa chilembo chimodzi chikaphonyeka kompyuta idzasakasaka diski yomwe kulibe.

Mawu akuti nofail musawaiwale, makamaka pa diski ya USB yochotseka. Popanda mawuwa, tsiku lomwe diskiyo yasiyidwa m'chikwama kompyuta imadikira pafupifupi masekondi 90, kenako imaima pa sikirini yakuda yodzaza zilembo. Taganizirani mlamu wanu ku Ntcheu akuona zimenezo. Adzati makina afa, adzapita nawo kwa wokonza, ndipo njira yachidule ya okonza ena ndi kufufuta zonse n'kuyambiranso. Zithunzi za zaka makumi awiri zingathe choncho, pomwe kompyutayo sinadwale n'komwe.

Pogwira ntchitoyi tsatani ndondomeko iyi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba, sungani kope la fayiloyo polemba sudo cp /etc/fstab /etc/fstab.bak. Zikasokonekera muli ndi pobwerera.

Chachiwiri, pangani foda ija: sudo mkdir /mnt/zithunzi.

Chachitatu, tsegulani fayiloyo ndi sudo nano /etc/fstab, ndipo onjezani mzere wanu pansi penipeni. Mizere yomwe mwaipeza musaikhudze, makamaka womwe foda yake ndi kachizindikiro ka / kokha. Umenewo ndiwo mtima wa kompyuta.

Chachinayi, musazimitse musanayeze. Lembani sudo findmnt --verify kuti ikuuzeni ngati pali cholakwika. Kenako lembani sudo systemctl daemon-reload, ndipo pomaliza sudo mount -a. Ikangokhala chete osadandaula, tsegulani foda ija muone ngati katundu wanu alimo. Ikadandaula, konzani pompo kompyuta ikadali yoyaka. Ndi monga ife tikamapereka mankhwala amphamvu: timaitana namwino mnzathu kuti aonenso tisanabaye, osati titabaya kale.

Kwa inu amene muli ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi, chigawo cha Windows chimakhala cha mtundu wa NTFS, osati ext4. Muzimitsenso Fast Startup mu Windows, chifukwa imasiya chigawocho ngati chagona tulo, ndipo Linux ikhoza kukana kulembamo.

Chomaliza, kugawa diski si kusunga kope. Zigawo ziwiri za diski imodzi zili ngati mbuzi ziwiri m'khola limodzi: khola likapsa zapsa zonse. Mapepala ofunika akhalenso pa diski ina yosungidwa padera. Ndipo ngati china sichikumveka, funsani achinyamata athu odziwa zimenezi musanagwire fayiloyi. Safunsa anadya phula.

Khalani athanzi, tionana mwezi wamawa.