Mphenzi imalowera khomo lakuseri

Mvula yoyamba ikangonunkhira kuno ku Liwonde, ine ndimakumbukira modemu yanga. Achinyamata a lero sadziwa n'komwe kuti kameneka kanali kachiyani. Kampani ya MalawiNet itayamba kupereka intaneti m'dziko muno mu 1997, tinkalumikiza kompyuta ku foni yapansi kudzera m'kabokosi kameneka. Kankaimba nambala, n'kumalira ngati nkhululu, kenako makalata a e-mail n'kumalowa pang'onopang'ono. Liwiro lake silinkaposa 56 kilobits pa sekondi.

Masiku amenewo ndinali ndi kaofesi kotaipa makalata pa Balaka. Anthu ankachoka ku Ulongwe ndi ku Ntaja kudzafunsa ngati abale awo a ku Joni alemba. Tsiku lina mu Disembala kumwamba kunada bii, mabingu n'kuyamba kugunda. Ndinazimitsa kompyuta, n'kuzula pulagi pa soketi, n'kupita kunyumba mtima uli m'malo.

M'mawa mwake ndinalandiridwa ndi fungo la pulasitiki wopserera. Modemu inali itapsa. Waya wa foni uja ndinali nditausiya uli chilumikizire.

Mnyamata wokonza makompyuta amene ndinamuitana anangopukusa mutu. "Achimwene, mwakhoma khomo lakumaso koma lakuseri mwalisiya pululu," anatero. Anandifotokozera kuti mphenzi siichita kufuna kugwa pa denga lako. Ikagwa pafupi ndi mapolo, ngakhale kutali ndi iwe, mphamvu yake imayenda m'waya wa kopa mpaka m'nyumba. Waya wa foni umanyamula mavolti pafupifupi 48, ndipo foni ikamalira amakwera kufika cha m'ma 90. Modemu inapangidwira magetsi ochepa choncho. Nanga ikakumana ndi mavolti masauzande ingapirire bwanji?

Anandichenjezanso kuti ndisamangolowetsa modemu pa soketi ya foni iliyonse ya m'maofesi ndi m'malo ogona alendo, chifukwa ma switchboard ena a digito amatha kuiwotcha kunja kuli ngwee.

Ndinakhala sabata ziwiri osagwira ntchito mpaka nditakagula ina ku Blantyre. Chimene chinandipweteka kwambiri si ndalamazo ayi. Mayi wina wachikulire anabwera katatu konse kudzamva ngati mwana wake watumiza uthenga wa ndalama za feteleza, ine n'kumangomubweza. Kuyambira pamenepo, mabingu akangomveka ndinkazula mawaya onse awiri, wa magetsi ndi wa foni. Ndinagulanso surge protector yokhala ndi polowetsa waya wa foni.

Lero mamodemu aja anatha, koma makomo akuseri achuluka m'nyumba zathu. Pali waya wa dishi wopita ku dikoda, wa mlongoti wa TV, wa sola wochoka padenga, ndi chaja ya foni. Kungozimitsa ndi rimoti sikuteteza kanthu, muyenera kuzula. Muzule mitambo ikamasonkhana, osati ziphaliwali zili ng'aning'ani pamutu panu. Dziwaninso kuti surge protector siithandiza ngati nyumba ilibe waya wa earth wolowa bwino pansi, ndipo mphenzi ikagwa pafupi kwambiri nayonso imagonja.

Abale anga a ku Machinga ndi Balaka, dzinja lafika ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Musanagone lero, yendani m'nyumba mwanu muwerenge mawaya amene akuchokera panja.