Ndalama zisanalowe, katundu asachoke pakhomo

Wogula wa ku Bulawayo amadziwika ndi kunenerera. Akauzidwa kuti sitovu ya gasi ndi madola 45, iye amayambira pa 25, n'kudandaula za lendi, za fizi ya ana ndi za mtengo wa kombi yochokera ku Cowdray Park, mpaka agwirizane pa 38 onse awiri atatopa. Ndiye tsiku limene munthu walemba pa WhatsApp kuti "Mtengowo uli bwino, amayi, ndipatseni nambala ndilipiretu," osafunsa n'komwe ngati sitovuyo ndi yatsopano kapena yogwirapo ntchito, wogulitsa amene adapsapo amayamba wakhala kaye pansi.

Nthawi zambiri zimayenda chonchi. Mayi wa ku Sizinda, kumene kukukhala zidzukulu zambiri za Amalawi ndi anthu a ku Zambia amene adabwera kudzagwira ntchito ku njanji, waika chithunzi cha sitovu pa Facebook Marketplace. Wogula akuti ali kuntchito ku Belmont, sangachoke, koma atumiza mng'ono wake. Amasankha malo a piringupiringu, mwina pafupi ndi City Hall, ndipo amasankhanso nthawi: Lachisanu dzuwa litapendeka. Mnyamata amafika pa Honda Fit, injini osazimitsa. Foni ya mayi ija imalira, uthenga walowa wonena kuti walandira madola 45, dzina la wotumiza lilipo, nambala ya risiti ilipo. "Amayi, chonde fulumirani, atimangira gudumu pano," akutero mnyamatayo, ndipo aliyense wodziwa mmene galimoto zimamangidwira m'tauni ya Bulawayo masiku ano amamumvetsa. Katoni yalowa kumbuyo, galimoto yapita. Mayi uja akafika kunyumba n'kuona ndalama zotsala mu akaunti, amapeza zomwe zija anadzuka nazo m'mawa. Uthenga uja unachokera pa nambala wamba, wolembedwa ndi zala za munthu motsanzira wa EcoCash. Nambala ya wogula yazima.

Palibe kompyuta imene yathyoledwa apa, palibenso ukatswiri wa intaneti. Chimene chagwira ntchito ndi changu chokakamiza ndi ulemu wa wogulitsa, amene anachita manyazi kuuza munthu wooneka bwino kuti adikire.

Kuti malonda afike pamenepa pali mbiri yake. Mzinda wa Bulawayo, umene Andebele amautcha koNtuthu ziyathunqa, kutanthauza kofuka utsi, udaona mafakitale ake ambiri akutsekedwa, ndipo nyumba zina za mafakitale ku Belmont zidasanduka matchalitchi. Anthu adatembenukira ku geni: kaunjika, nsapato ndi mafoni a ku Musina, ziwiya za ku Francistown, katundu wobwera ndi madalaivala otchedwa omalayitsha kuchokera ku Johannesburg. EcoCash idayamba mu 2011, ndipo ndalama zogwirika zitasowa m'mabanki cha m'ma 2016, chaka chimene boma lidatulutsa ma bond note, kulipira pa foni kudakhala chizolowezi cha aliyense, kuyambira wogulitsa tomato ku Fifth Avenue mpaka mwini sitolo. Lero pali OneMoney, InnBucks, ZIPIT, Mukuru, pali madola a ku America, ma rand, ndi ndalama ya dzikolo ya ZiG imene idabwera mu April 2024. Njira zolipirira zikachuluka, mauthenga otsimikizira amachulukanso, ndipo palibe wogulitsa amene angaloweze maonekedwe a uthenga uliwonse.

Kumaiko kumene anthu amagulitsa kudzera pa eBay, ndalama zimadutsa m'manja mwa kampaniyo, ndipo pakabuka mkangano pali kodandaula. Ku Bulawayo, Facebook ndi khoma lomatapo chidziwitso basi. Ndalama sizidutsa kumeneko, choncho ikavuta nkhani, kampaniyo ingathe kungotseka tsamba la wakubayo, iye n'kutsegula lina madzulo omwewo. Mlonda wa katundu ndi mwini wake.

Uthenga wabodza ndi chinyengo chapafupi. Palinso cha wogula amene amati walakwitsa, watumiza madola 80 m'malo mwa 45, ndipo akupempha mwaulemu kuti zapamwambazo zibwezedwe msanga chifukwa ndi za mankhwala a mwana. Pali cha chikalata cha ku banki chosonyeza kuti ndalama zatumizidwa, koma "zioneka Lolemba". Pali wina amene amati akufuna kutsimikiza kuti wogulitsa ndi munthu weniweni, ndiye amutumizire manambala 6 amene angolowa pa foni yake. Manambalawo ndi kiyi wa WhatsApp, ndipo pofika usiku abale onse a wogulitsayo amakhala atalandira uthenga wopempha ngongole m'dzina lake.

Koma choopsa kwambiri ndi chinyengo cha anthu atatu, chifukwa ndalama zimalowadi. Kathyali amatenga zithunzi za foni imene wina akugulitsa madola 150, n'kuzilengeza patsamba lake pamodzi ndi katundu wina amene kulibe n'komwe. Akapeza munthu wosalakwa wofuna kugula, amamupatsa nambala ya wogulitsa weniweni uja kuti alipireko. Ndalama zikalowa, kathyali amaimbira wogulitsa: "Achimwene, mwaziona? Ndatumiza kudzera kwa mlamu wanga." Wogulitsa amaona, zilipodi, n'kupereka foni ndi mtima woyera. Patapita masiku awiri, wolipira uja, amene sanalandire kanthu, amapita kupolisi ndi umboni wokhawo umene ali nawo: nambala ndi dzina la amene adalandira ndalama zake. Woitanidwa kukayankha ndi wogulitsa. Foni yapita, ndalama akuti abweze, ndipo dzina lake ndi limene lalembedwa m'buku.

Ndiye nzeru yoti "ona kaye ngati zalowa" payokha sikwanira. Pamafunikanso funso lachiwiri: zalowa kuchokera kwa yani? Dzina la wolipira likasiyana ndi la munthu amene wakhala akukambirana naye malonda, wogulitsa ali ndi chifukwa chokwanira choimbira nambala yolipirayo n'kufunsa kuti ndalamazi ndi za chiyani. Kathyali amaopa foni imeneyo kuposa wapolisi.

Apa mpamene wolemba nkhani ino akusiyana maganizo ndi ogulitsa ambiri a m'magulu a WhatsApp. Kukayikira si umboni. Netiweki imachedwadi, makamaka magetsi akazima. Alipo anthu oona mtima amene amalipira kudzera pa foni ya mkazi wawo, alipo amene sangachoke kuntchito, ndipo alipo, ngakhale ndi ochepa, amene sakonda kunenerera. Wogulitsa amene amayamba kutukwana akangomva fungo la chinyengo amataya makasitomala abwino, ndipo wakuba weniweni samva kuwawa, amangopita kwa wina. Chimene chimathandiza ndi lamulo limodzi lonenedwa poyambirira, kwa aliyense, mopanda mkwiyo: "Pepani bambo, ine katundu ndimapereka ndikaona ndekha ndalama mu akaunti yanga. Ndimatero ndi wina aliyense, ngakhale abusa." Woona mtima amaseka n'kudikira. Winayo amayamba kukwiya, kunena kuti akunyozedwa, kapena kukumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa malonda a pa foni kudekhako ndi mphindi zisanu zokha.

Ena apeza njira yosavuta kuposa pamenepo. Amakumana ndi wogula pa Chicken Inn, pamene pali kauntala ya InnBucks, kapena kwa ajenti wa EcoCash, ndalama n'kutulutsidwa onse akuona, pamalo owala ndi odzaza anthu. Zobweza nazo zili ndi njira yake: ngati munthu akuti watumiza molakwitsa, aimbire kampani ya foni kuti ibweze yokha, osati wogulitsa atumize pa nambala ina imene wangouzidwa.

Nanga zikachitika, katundu wapita? Chimene ambiri amathamangira ndi kutenga chithunzi cha pa WhatsApp cha wogula uja, nambala yake ndi dzina lake, n'kuzimwaza m'magulu onse ndi mawu akuti MBAVA. Mtima umaphwadi, koma nthawi zambiri mwala umagenda wosalakwa. Chithunzicho chimakhala chobedwa patsamba la munthu wina, mwina mphunzitsi wa ku Luveve amene sadziwa chilichonse. Simukhadi imakhala yolembetsedwa ndi chiphaso chotayika kapena cha gogo wa kumudzi. Ndipo chiyambire 2021, pamene Zimbabwe idakhazikitsa lamulo la Cyber and Data Protection Act, kufalitsa pa intaneti nkhani yabodza yokhudza munthu ndi cholinga chomuvulaza, kapena kumuzunza ndi mauthenga, ndi mlandu umene ungafikitse munthu kundende. Wobedwa angapezeke ali m'bokosi la woimbidwa mlandu ku makhothi a Tredgold, wakuba ali phee ku depoti ya Renkini akusaka wina. Kuchenjeza anzako n'kwabwino, ndipo njira yake ilipo: kufotokoza mmene chinyengocho chidayendera, mawu amene adagwiritsidwa ntchito ndi malo ake, nkhope ya munthu n'kuisiya.

Lamulo lili kumbali ya wogulitsa kuposa mmene ambiri amaganizira. Gawo 136 la Criminal Law (Codification and Reform) Act limati chinyengo ndi mlandu, ndipo chilango chake chachikulu ndi zaka 35. Chofunika ndi umboni: macheza onse a pa WhatsApp asafufutidwe, uthenga wabodza uja usungidwe pamodzi ndi nambala imene udachokera, nthawi ndi malo zilembedwe, nambala ya galimoto ngati idaoneka. Akakadandaula kupolisi, wodandaula asachoke asanapatsidwe nambala ya dandaulo lake, yotchedwa RRB, chifukwa ndi imene adzafunsidwe kulikonse kumene angakalondole nkhaniyo. Kampani ya foni nayo iuzidwe tsiku lomwelo, ndalama kapena layini zisanasowe.

Komabe tinene zoona, ambiri sapita. Wina amawerengera kuti sitovu ya madola 45 siyenera masiku atatu a kombi ndi mizere. Wina amaopa kuti akafunsidwa za laisensi ya khonsolo, kapena za mmene katunduyo adadutsira pa Beitbridge. Kwa ana ndi zidzukulu za machona pali chifukwa china chozama. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique adasanduka alendo m'dziko lobadwira. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adawabwezera unzika, koma pepala ndi ofesi n'zosiyana, ndipo mu 2021 bungwe la Amnesty International lidatulutsa lipoti losonyeza kuti ambiri adakali opanda zikalata. Munthu wopanda chiphaso amachitira geni pa layini yolembetsedwa m'dzina la mnansi. Akabedwa sangakadandaule ku kampani ngati mwini akaunti, ndipo kupolisi amapita mwendo uli m'mwamba. Akathyali amadziwa bwino lomwe anthu amene sadandaula.

N'chifukwa chake mlandu wonse sungasiyidwe pamutu pa wogulitsa. Makampani a ndalama za pa foni ali ndi mbiri ya layini iliyonse: idalembetsedwa kuti, ndi chiphaso chiti, ndalama zidatulutsidwa kwa ajenti uti. Nambala imodzi ikadandaulidwa katatu sabata imodzi, palibe chifukwa choti ifike sabata yachiwiri ikugwirabe ntchito. POTRAZ, imene imayang'anira za mafoni, ndi Reserve Bank of Zimbabwe ali ndi mphamvu zolamula kuti madandaulo otere aziyankhidwa m'maola, osati m'masabata. Apolisi nawo atalengeza poyera kuti wodandaula za chinyengo sadzafunsidwa za laisensi ya geni yake, madandaulo angachuluke, ndipo madandaulo khumi a madola 45 olozera nambala imodzi ndi mlandu umene woweruza angaumvetsere.

Owerenga a ku Lilongwe, Chipata kapena Tete asaone ngati izi n'zakutali. Mauthenga onamizira Airtel Money ndi TNM Mpamba ndi omwewo, kungosintha dzina la ndalama, ndipo ku Malawi akuluakulu a MACRA ndi apolisi akhala akunena kuti ambiri mwa mauthengawo amachokera m'ndende ya Zomba. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act lilipo chiyambire 2016. Chimene chimasowa, ku Ndirande ngati ku Makokoba, ndi wogulitsa wolimba mtima kunena kuti dikirani.

Oyang'anira magulu a malonda pa WhatsApp ndi Facebook ku Bulawayo, inu amene mumachotsa munthu pagulu chifukwa chotumiza nthabwala, lembani pamwamba pa gulu lanu kuti katundu amaperekedwa wogulitsa akaona yekha ndalama mu akaunti yake ndi dzina la wolipira, ndipo muziletsa kumata nkhope za anthu popanda nambala ya kupolisi. Inunso amene mwalonjezana ndi wogula ku City Hall Lachisanu likubwerali, katoni ikhale pansi pa phazi lanu mpaka mutatsegula akaunti pa foni yanuyanu, ngakhale injini ya Honda Fit ilire chotani.