Bwalo tili nalo kale, tisadikire sitediyamu

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero tikambeko za masewero othamanga. Nkhaniyi ikangobuka mu ofesi ya aphunzitsi, yankho limakhala lomwelomwelo: tilibe bwalo, tilibe zipangizo, boma latiiwala. Ine yankho limeneli sindigwirizana nalo. Sukulu ya kumudzi ikhoza kusowa laibulale, labotale ngakhale magetsi, koma bwalo lothamangira ili nalo, ndipo ndi labwino kuposa la m'tauni. Ndikunena njira zathu zomwezi: yodutsa m'malire a minda, kutsikira kudambo, kuoloka kamtsinje, kukwera chitunda, kulowa m'mabulugamu n'kukatulukira kuseri kwa tchalitchi.

Ambiri a ife tinakula ndi cross country. Sukulu yonse inkatuluka, wamphamvu ndi wofooka yemwe, aliyense n'kukafika pa nthawi yake. Lero tsiku la masewero lasanduka tsiku la mpira basi. Anyamata 22 ali m'bwalo, atsikana 14 ali ku ntchemberembaye, ena onse ali pansi pa mtengo wa mango kuonerera, mwinanso anazemba kalekale. Ndiye tikuti amenewa ndi masewero a sukulu yonse?

Taonani anzathu a ku Kenya. Tauni ya Iten, imene yatchuka dziko lonse ndi akatswiri othamanga, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400 ndipo othamanga ake amakonzekera m'misewu yafumbi lofiira yodutsa m'minda. Mu 1976 kunafika Brother Colm O'Connell wa ku Ireland kudzaphunzitsa Geography pa sukulu ya St Patrick's. Anabwera ngati mphunzitsi wa choko monga inu ndi ine, ukochi anauphunzirira konko poyang'anitsitsa ana ake. Mmodzi mwa anyamata amene anawasula ndi David Rudisha, yemwe mu 2012 ku London anathamanga mamita 800 pa 1:40.91, nthawi imene munthu anali asanaikwanitsepo.

Ku Ethiopia nkhani ndi yomweyo. Ku Bekoji, katauni kakumapiri, mphunzitsi wa masewero Sentayehu Eshetu ankatenga ana m'mamawa kukathamanga m'nkhalango ya mabulugamu, akukhotakhota pakati pa mitengo, kukwera ndi kutsika. Kumeneko ndi kumene kunachokera Derartu Tulu, amene anapata golide wa mamita 10,000 ku Barcelona mu 1992, komanso Kenenisa Bekele ndi Tirunesh Dibaba. Mwaona? Konseku panali mphunzitsi, ana ndi njira yafumbi. Zinazo zinabwera pambuyo. Ife sitediyamu ya Bingu ku Lilongwe tinaitsegula mu 2017, koma mpaka lero Malawi sanabweretseko mendulo ya Olympics. Sitediyamu ndi pokolola, munda wake uli kumudzi kuno.

Ndipo mbewu ilipo. Catherine Chikwakwa anatenga siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Italy mu 2004. Ku Mulanje kuli Porters Race, imene inayamba ngati mpikisano wa anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri, kenaka inatsegukira aliyense, amuna ndi akazi. Amanyamuka pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso ku Likhubula, mtunda wopitirira makilomita 20 wa miyala, mizu ndi mitsinje. Opambana amabwerera patangodutsa maola awiri ndi mphindi zochepa, ulendo umene mlendo amauyenda tsiku lathunthu miyendo ili njenjenje. Edson Kumwamba, mwana wa ku Mulanje komweko, anadzera m'mpikisano umenewu asanakatchuke pothamanga m'mapiri a ku Cape Town. Nanga ana angati otere amene akukhala pa desiki yakumbuyo m'makalasi mwathu, ife osadziwa?

Njira ya kumudzi imaphunzitsa zimene bwalo losalala silingathe. Dothi ndi lofewa, silipweteka mawondo ngati tala. Chitunda chimalimbitsa ntchafu ndi mapapo popanda chitsulo chilichonse chonyamula. Mizu ndi miyala zimaphunzitsa phazi kusankha popondera. Koposa zonse mwana amaphunzira kugawa mphamvu: woyamba ndi liwiro la kalulu amakamupeza atagwira m'chiuno pa chitunda choyamba. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Phunziro limeneli ndi lomwe timafuna mwana wa Fomu 3 alimve pokonzekera MSCE, m'malo modikira kuwerenga usiku wonse mayeso ali mawa.

Pali chifukwa china chimene chimandikhudza kwambiri. Timaphunzitsa za kutha kwa nkhalango pa bolodi, ana amalemba manotsi, amakhoza mayeso, koma mitengo ikuthabe. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha odula mozemba ndi moto wolusa, pomwe phirilo UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 2025. Ku Dzalanyama, kumene kumachokera madzi a mzinda wa Lilongwe, boma linafika potumiza asilikali mu 2015 chifukwa cha makala. Ndipo tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita mu 2023, matope ndi miyala zikutsika m'mapiri kukwirira nyumba ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Mwana amene amathamanga njira imodzimodzi sabata iliyonse amadziwa mtengo uliwonse. Tsiku limene adzapeze chitsa pamene panali mthunzi wopumirapo, sadzafunika mphunzitsi womuuza kuti chatayika n'chiyani. Munthu amateteza chimene amachidziwa.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupukusa mitu, ndipo madandaulo anu ndi omveka. Loyamba ndi njala. Ana ambiri a m'masukulu a CDSS amayenda mtunda wautali, ena osalawa kanthu m'mawa. Zoona, mwana wa njala sitimuthamangitsa. Ndi chifukwa chake nyengo yabwino yoyambira ndi ya masika mpaka m'chisanu, Meyi mpaka Julayi, chimanga ndi mbatata zili m'nyumba ndiponso dzuwa silikuotcha. Mu Okutobala kapena m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale tichepetse mtunda. Lachiwiri ndi chitetezo cha atsikana. Ili si la masewera ayi. Palibe mwana woloredwa kulowa m'tchire yekha: mphunzitsi patsogolo, wina pambuyo, mphunzitsi wamkazi akhalepo, ndipo tiwerenge ana ponyamuka ndi pofika. Lachitatu ndi nsapato. Ana athu amasewera mpira opanda nsapato tsiku lililonse. Chofunika ndi kusankha njira yopanda minga ndi magalasi osweka, osati kudikira nsapato za mu shopu.

Koma mdani wamkulu wa masewerowa ali m'masukulu mwathu momwe: kusandutsa kuthamanga kukhala chilango. Wachedwa, zungulira bwalo kasanu. Walongolola, zungulira kakhumi. Mwana wotere akamaliza Fomu 4 amalumbira kuti sadzathamanganso pokhapokha galu atamuthamangitsa. Tileke zimenezi. Pali zilango zina.

Nanga tiyambire pati? Pezani anzanu awiri, muyende nawo njira ya makilomita atatu kapena anayi yoyambira ndi kuthera pa sukulu. Kaonaneni ndi a mfumu, chifukwa njira ili ndi eni ake, ndipo pewani kumanda ndi minda ya anthu. Ngati ikulowa m'nkhalango ya boma, pemphani chilolezo kwa a za nkhalango. Auzeni ahedi ndi komiti ya makolo zisanayambe. Wotchi ya pa foni ndi yokwanira. Gulani kope limodzi lolembamo nthawi ya mwana aliyense, ndipo muyamikire amene wachepetsa nthawi yake, osati wofika poyamba yekha. Pakutha pa teremu itanani sukulu yoyandikana nayo mudzapikisane. Mvula ikayamba, gulu lomwelo libzale mitengo m'mbali mwa njira yawo ndi kuisamalira.

Kwa inu ana anga akale amene muli ku Lilongwe, Mzuzu, Johannesburg ndi kwina, ena a inu mukulipira ndalama kuti muthamange pa makina m'nyumba, pomwe kwanu munasiya zitunda zaulere. Mukabwera pa tchuthi, musangodutsa pa sukulu pagalimoto. Bwerani ndi nsapato zimene munazitopa nazo, wisulo kapena wotchi, ndipo muthamange nawo ang'ono anu ngakhale kamodzi. Akupitirirani pa chitunda choyamba, musakhumudwe, ndiye cholinga chake.

Sikuti mwana aliyense adzakhala Rudisha ayi. Ambiri adzakhala alimi, anamwino ndi aphunzitsi, koma a thupi lolimba, odziwa kupirira ndi okonda dera lawo. Mmera mpoyamba, anzanga. Teremu ikubwerayi tiyeni tiwatulutse ana pansi pa mtengo wa mango.