Chingerezi cha mayeso tichiphunzire monga timaphunzirira kumadrasa



Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, ku ofesi kwathu sikulephera kufika mwana amene nkhani yake imatisowetsa mtendere. Masamu wakhoza bwino, Biology wakhoza, Agriculture wakhoza, koma Chingerezi chamugwetsa. Bambo ake amakhala pampando ali chete, kenako n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti zake zathera pomwepa?" Timayankha kuti ayi, akhoza kulembanso. Koma tonse timadziwa kuti kulembanso ndi chaka china ndi fizi ina, ndipo kwa mwana wamkazi nthawi zina ndi chaka chimene achibale amayamba kukamba za banja.

Makolo ena sadziwa chifukwa chake phunziro limodzi lili ndi mphamvu chotere, choncho tifotokoze. Pa mayeso a MSCE, bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, ndipo 9 ndi kulephera. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi, ngakhale maphunziro enawo atawakhoza motani. Mayunivesite a boma monga UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi MZUNI amafuna makirediti 6, ndipo imodzi mwa iwo iyenera kukhala ya Chingerezi. Komanso mafunso a maphunziro ena onse, kupatula Chichewa ndi zinenero zina, amabwera m'Chingerezi. Mwana wosadziwa kusiyana kwa "describe", "explain" ndi "compare" amataya malikisi a Geography ngakhale nkhaniyo akuidziwa. Amene adzafune kukaphunzira kunja adzakumananso ndi mayeso monga IELTS, amene amayesa kumva, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, n'kupereka malikisi ofika pa 9.

Maganizo athu ndi akuti njira imene ambiri timakonzekerera phunziroli ndi yolakwika. Timadikira teremu yomaliza ya Fomu 4, n'kusonkha mapepala a mayeso akale, kuloweza mayankho a mafunso osankha, ndipo ena amaloweza chimangirizo chathunthu poyembekeza kuti mutu wake ubwera. Njira yabwino tili nayo kale m'mudzi mwathu muno, koma timaisiya pakhomo pa madrasa tikamapita kusukulu.

Taganizirani mmene mwana amasungira Qur'an. Palibe ustazi amene amauza mwana kuti adikire mwezi wa mpikisano kuti ayambe kuloweza juzu yonse. Mwana amalandira gawo laling'ono la tsiku limenelo, amaliwerenga mokweza pamaso pa munthu womumvetsera, amakonzedwa pomwepo akalakwitsa, ndipo mawa lake asanalandire gawo latsopano amabwereza la dzulo ndi la sabata yatha. Kubwereza kumeneku, kumene timati muraja'a, ndi kumene kumachititsa kuti zimene waphunzira zisathawe. Zinthu zitatu izi, zochepa tsiku lililonse, womvetsera wokonza, ndi kubwereza, ndi zimenenso chinenero chilichonse chimafuna. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Tiyambe ndi mawu. Wophunzira akamaphunzira mawu atsopano 5 patsiku, masiku 5 pasabata, kwa masabata 30 okha pachaka, ndiye kuti wapeza mawu 750. Kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4 amakwana 3,000. Palibe amene angameze mawu ochuluka chotere mu teremu imodzi. Koma tichenjeze: mawu asalembedwe okha pamndandanda ngati mayina a anthu olandira feteleza. Liwu lililonse lilembedwe mu kope limodzi ndi chiganizo chimene munalipezamo, tanthauzo lake, ndi chiganizo china chopeka nokha chonena za moyo wanu, za kunyanja, kumunda kapena kumsika.

Apanso madrasa amatipatsa poyambira. Amene walawako Chiarabu amadziwa kuti zilembo zitatu, kaf, ta ndi ba, zimabala kitab, katib, maktab ndi maktaba: buku, mlembi, ofesi ndi nyumba ya mabuku. Chichewa chimateronso: kulima, mlimi, ulimi, kulimitsa. Chingerezi nacho chili ndi mabanja a mawu. Mukapeza "decide", funani abale ake "decision", "decisive" ndi "undecided". Mukadziwa kuti "un-", "dis-" ndi "im-" amatembenuza tanthauzo, ndipo "-tion" ndi "-ness" amapanga mayina, liwu lachilendo m'ndime ya pa mayeso silikuopsaninso. Mumaliphwanya monga mumachitira ndi mneni wa Chiarabu.

Tsopano galamala. Tikamachonga makope anu timaona kuti zolakwa zambiri sizichokera ku ulesi kapena umbuli. Zimachokera ku Chichewa ndi Chiyao zimene zili m'mutu mwanu, ndipo zimabwera mobwerezabwereza, zomwezomwezo. Ife timati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, choncho m'chimangirizo mayi amayamba ali "she" n'kumaliza ali "he". Timati "ndibwereke cholembera", choncho timalemba "borrow me a pen" pamene pofunika "lend me a pen". Timati "tikambirane za nkhaniyi", ndipo "za" ameneyu amatsatira mpaka ku "discuss about", pamene "discuss" safuna mnzake. Malangizo ndi mipando timaziwerenga, choncho timalemba "advices" ndi "furnitures", mawu amene m'Chingerezi satenga "s". Munthu akatifunsa kuti "Simunadye?" timayankha kuti "Inde" kutanthauza kuti sitinadye, koma m'Chingerezi yankho lake ndi "No, I haven't". Tilibe timawu tofanana ndi "a" ndi "the", choncho timatiiwala kapena kutimwaza paliponse. Ndipo popeza "l" ndi "r" kwa ife ndi pachibale, "pray" ndi "play" amasinthana malo, zimene kwa Msilamu ndi zochititsa manyazi pang'ono.

Mndandanda umenewu ndi nkhani yabwino, chifukwa ukusonyeza kuti mdani ndi wodziwika ndipo ndi wowerengeka. Wophunzira aliyense akhale ndi tsamba kumapeto kwa kope lake lolembapo zolakwa zake za iye mwini, ndipo asanapereke ntchito iliyonse aiwerenge poyang'ana zolakwa zimenezo. Musadziderere. Mwana amene amanena kuti "ana awiri aang'ono abwera" komanso "zipatso ziwiri zazing'ono zagwa" osalakwitsa mgwirizano ngakhale umodzi, sangalephere kumvetsa "he goes" ndi "they go". Mgwirizano wa Chichewa ndi wovuta kuposa wa Chingerezi.

N'chifukwa chake sitigwirizana ndi amene amatipempha kuti tizilanga mwana wolankhula Chichewa kapena Chiyao pasukulu. Tikumvetsa cholinga chawo: akufuna ana azolowere. Koma chilango chimabala mwana wachete, ndipo mwana wachete sitingamukonze chifukwa sitimva pamene akulakwitsa. Kumadrasa mwana amene amawerenga monong'ona poopa kusekedwa ndi amene amachedwa kumaliza. Tikufuna nthawi zoikika zolankhula Chingerezi chokha, monga m'kalasi, pa mtsutso ndi pa msonkhano wa m'mawa, ndipo pa nthawi zimenezo kuseka mnzako wolakwitsa ndiko kukhale mlandu. Mbiri imasimba kuti Sibawayh, amene buku lake lotchedwa al-Kitab ndi maziko a galamala ya Chiarabu, anali wa ku Persia, ndipo anayamba kufunafuna galamala atalakwitsa pamaso pa mphunzitsi wake ku Basra m'zaka za m'ma 700. Akanakhala chete tsiku limenelo, sakanakonzedwa.

Tiyeneranso kunena pamene fanizo la madrasa likuthera. Qur'an timaisunga liwu ndi liwu chifukwa si yathu kuti tiisinthe. Chimangirizo si choncho. Wochonga mayeso akufuna kuona ngati mungathe kupanga ziganizo zanuzanu pa mutu umene simunauyembekeze. Chimangirizo choloweza chili ngati chikomekome cha mkuyu: ndime yoyamba imawala, koma mutu ukasintha pang'ono zonse zimagwa, ndipo wochonga wozolowera amachizindikira msanga. Kuchokera kumadrasa titenge khama la tsiku ndi tsiku, khutu la womvetsera ndi muraja'a. Kuloweza popanda kumvetsa kukhale kunja.

Nanga mapepala a mayeso akale? Sitikuwaletsa. Amathandiza kudziwa kaonekedwe ka mafunso ndi kugawa nthawi, makamaka pa kufupikitsa nkhani ndi kulemba mfundo mwachidule. Koma pepala lakale ndi sikelo. Mbuzi sinenepa chifukwa choiyeza kawirikawiri. Mukalemba pepala, nthawi yambiri ithere pa mafunso amene mwalakwa: chifukwa chiyani yankho ndi ili osati ilo, ndipo lamulo lake ndi lotani? Wophunzira amene walemba mapepala atatu n'kumvetsa cholakwa chilichonse waposa amene walemba makumi awiri n'kumangowerenga malikisi.

Tikudziwa kuti pali makolo ena amene mumtima ali ndi nkhawa ina, yakuti Chingerezi chochuluka chimachotsa mwana pa Dini. Nkhawa imeneyi ili ndi mbiri yake ndipo sitiinyoza. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo agogo athu ambiri anasankha kusunga ana kunyumba poopa kuti akasiya Chisilamu. Anateteza chimene chinali chofunika, koma mtengo wake unali waukulu: kwa zaka zambiri madera athu anatsalira pa maphunziro ndi pa ntchito za m'maofesi. Sukulu ngati yathu ino inamangidwa kuti mwana asasankhenso pakati pa ziwirizi. Tikumbukirenso kuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analamula Zayd ibn Thabit kuti aphunzire kalembedwe ka Ayuda kuti azimuwerengera ndi kumulembera makalata. Zayd yemweyo ndi amene pambuyo pake anapatsidwa udindo wosonkhanitsa Qur'an m'nthawi ya Abu Bakr. Chinenero chachilendo sichinamuchotsere kanthu. Ndipo Chingerezi chimene tikuchiopacho chinabwereka kwa Aarabu mawu monga "algebra", "cotton" ndi "sugar".

Tsono tikupempha chiyani?

Kwa inu ophunzira, kuyambira a Fomu 1: mphindi 20 tsiku lililonse. Werengani tsamba limodzi la nkhani, kaya la m'buku la kulaibulale kaya la m'nyuzipepala ngati The Nation kapena The Daily Times, ngakhale ikhale ya mwezi watha. Tolanimo mawu 5, ndipo musanatseke kope bwerezani a dzulo. Kamodzi pa sabata lembani ndime imodzi n'kuipereka kwa mnzanu kapena kwa ife kuti tiichonge. Sankhani nthawi yokhazikika, monga mukangoswali Asr, kuti isamasowe.

Kwa inu makolo: simufunika kudziwa Chingerezi kuti muthandize. Ambiri a inu mumamvetsera mwana akuwerenga sura, ndipo mumadziwa ngati wakonzekera kapena ayi. Chitani chimodzimodzi. Muuzeni akuwerengereni ndime mokweza, kenako akufotokozereni m'Chichewa kapena m'Chiyao zimene wawerenga. Akalephera kufotokoza, ndiye kuti sanamve, abwereze. Funsani kuona kope la mawu Lachisanu lililonse. Ndipo mwana wamkazi apatsidwe mphindi zake 20 mofanana ndi mlongo wake, ntchito za pakhomo zisamudyere zonse.

Kwa inu akuluakulu a komiti ya mzikiti: tikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, chipinda cha madrasa chikakhala chopanda anthu, chitsegulidwe kuti ana a sekondale aziwerengeramo, poti m'nyumba zambiri mulibe malo abata kapena nyale yokwanira. Chachiwiri, pa zopereka za sadaka muganizireko madikishonale angapo ndi mabuku a nkhani oti azikhala m'chipindamo. Muli Asilamu ambiri ogwira ntchito m'tauni amene nyuzipepala akawerenga amataya. Chilengezo chimodzi pambuyo pa swala ya Ijumaa chikhoza kutibweretsera mtolo.

Ifenso aphunzitsi tili ndi mbali yathu, ndipo tikuvomera kuti nthawi zina takhala tikubweza makope mochedwa kapena kungolemba malikisi popanda kusonyeza cholakwa. Womvetsera amene sakonza alibe phindu. Tikulonjeza kuti ndime iliyonse imene mutipatse tidzaibweza sabata isanathe, titalemba mzere pansi pa cholakwa ndi kunena chifukwa chake. Mukaona kuti sitikutero, bwerani mudzatifunse.

Amene ali mu Fomu 4 asataye mtima poganiza kuti achedwa. Yambani ndi tsamba la zolakwa zanu lero lomwe, chifukwa malikisi ambiri amatayikira pa zinthu zochepa zomwe tatchulazi. Amene ali mu Fomu 1 ndi 2, nthawi ili m'manja mwanu, ndipo kope la mawu tiyamba kuliona Lolemba likubwerali, Insha Allah.

Allah adalitse khama la ana athu ndi thukuta la makolo awo. Wassalamu alaikum.