Ngakhale wopanda kompyuta, zigawenga za pa intaneti zimamupeza

Pali mawu amene afala m'maminibasi, m'maofesi, ngakhale pakati pa anthu ophunzira ndithu. Akuti nkhani ya zigawenga za pa intaneti ndi ya mayiko olemera. Kuno, akutero, kulibe choti munthu n'kuba, ambiri alibe kompyuta, ndipo ndalama zotetezera makina a boma kuli bwino zigulire mankhwala ndi feteleza. Maganizowa amakoma m'khutu, koma ndi olakwika, ndipo tikawatsatira tidzalira.

Amene akunena zimenezi aiwala msanga za mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024, nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo. Mu February chaka chomwecho, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowerera makina a nthambiyo ndipo ankafuna dipo, koma boma linakana kulipira. Anavutika ndani? Mayi wokaoda katundu kunja, mnyamata amene ntchito inali itamupeza ku Joni, wodwala woyembekezera kukalandira chithandizo kunja. Ambiri mwa iwo alibe kompyuta kunyumba, koma ulendo wawo unaima chifukwa cha kompyuta ya ku ofesi.

Apa ndiye pagona nkhani. Funso lisakhale lakuti iwe uli ndi kompyuta kapena ayi, koma lakuti zinthu zimene umadalira zimayendetsedwa ndi chiyani. Mayunitsi a ESCOM timagula pa foni. Ndalama zochokera kwa mwana wa m'tauni zimafika kumudzi kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Malipiro a mphunzitsi ndi namwino amadutsa m'makina a boma ndi a banki. Ngakhale agogo pokagula feteleza wotsika mtengo amayamba aonetsa chiphaso chaunzika, ndipo makina akakana, amabwerera chimanjamanja.

Anzathu a ku South Africa anazilawa kale. Mu July 2019, kampani ya magetsi ya City Power ku Johannesburg inatsekeredwa makina ndi pulogalamu yofuna dipo, moti anthu ambiri analephera kugula mayunitsi m'nyengo yozizira. Mu July 2021, zinagwera Transnet, kampani yoyendetsa madoko, ndipo ntchito pa doko la Durban inasokonekera kwa masiku angapo. Ife tilibe nyanja yamchere. Katundu wathu amadzera ku Durban, Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Makontena akaima kumeneko, mitengo imakwera ku Limbe ndi ku Mzuzu. Nayo banki yaikulu ya Zambia inakumana ndi achiwembu oterewa mu 2022. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ena amati umphawi wathu ndiwo chitetezo, poti palibe angataye nthawi ndi dziko losauka. Koma mapulogalamu ambiri oonongawa sasankha. Ali ngati mbava yoyenda usiku n'kumayesa chitseko chilichonse, chikatseguka yalowa. Pulogalamu ya WannaCry, mu May 2017, inafalikira yokha m'mayiko pafupifupi 150 m'masiku ochepa. Ku Britain inasokoneza zipatala, anthu pafupifupi 19,000 anabwezedwa osaonana ndi dokotala, ndipo maambulansi ena ankatumizidwa ku zipatala zina. Chomvetsa chisoni n'chakuti kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera mpata umene pulogalamuyo inkalowerapo mu March, koma ambiri anali asanachiike. Ndiye ndani ali ndi makompyuta akale, mapulogalamu okopera komanso akatswiri ochepa? Osauka. Umphawi sutibisa, umatiika poyera.

Pali mfundo imodzi imene otsutsawa ali nayo, ndipo tiivomereze. Ambiri mwa ochita zimenezi ndi akuba ofuna ndalama, osati zigawenga zofuna kuopseza dziko pa zifukwa za ndale kapena chipembedzo. Sitikufuna kuti mawu akuti uchigawenga akhale chida choopsezera anthu kapena chomangira amene akudzudzula boma pa Facebook. Komabe mpata umene wakuba amalowerapo ndi womwewo umene mdani wa dziko angalowerepo. Mu December 2015, ku Ukraine, achiwembu anazimitsa magetsi ali kutali, ndipo anthu oposa 200,000 anakhala mumdima m'nyengo yachisanu. Sanapemphe dipo, cholinga chinali kuvulaza dziko. Ndipotu kwa mayi amene akudikira zotsatira za magazi a mwana wake, zilibe kanthu kuti waimitsa makinawo ndi wakuba kapena chigawenga.

Zoti tisankhe pakati pa mankhwala ndi chitetezo cha makina ndi bodza lina. Zambiri zofunika sizilira ndalama zochuluka. Ofesi iliyonse ya boma, chipatala ndi banki izisunga zolembedwa zake zofunika pamalo ena osalumikizidwa ku intaneti. Mapulogalamu azikonzedwa nthawi yake. Wogwira ntchito akasiya, mawu ake achinsinsi azifafanizidwa tsiku lomwelo. Pakhale njira ya pepala ndi cholembera yoti ntchito ipitirire makina akafa, ndipo antchito aziiyeserera. Pamene boma likupanga mgwirizano ndi kampani yoika makina, liziwonetsetsa kuti makiyi ndi zonse zosungidwamo zili m'manja mwa Amalawi odziwa kuziyendetsa.

Malamulo tili nawo. Lamulo loona za malonda ndi chitetezo pa intaneti linakhazikitsidwa mu 2016, ndipo pansi pa MACRA pali gulu lothandiza pakagwa zoterezi. Chikusowa ndi kukakamiza. Aphungu afunse unduna uliwonse kuti makina ake akafa lero, ntchito ingayambirenso patatha masiku angati. Ofesi ikalowereredwa, anthu auzidwe zoona mwamsanga, osati kumva mphekesera. Nafenso eni ake tisapereke nambala yachinsinsi ya foni kwa aliyense woimba, ngakhale adzitchule kuti ndi wa ku kampani. Nkhaniyi ndi ya pasipoti yathu, magetsi athu ndi malipiro athu, choncho tisaisiyire azungu.